Pamene Wogulitsa Sadziŵa Chimene Ali Nacho

Pali zinthu zina zimene anthu amataya kudzala lero, patapita zaka nkuyamba kuzifuna ndi mtima wonse. Chimodzi mwa zinthu zoterezi ndi kiyibodi yakale ya kompyuta, chipangizo chija cha mabatani chimene munthu amalembera monga momwe alembi a m'maofesi ankachitira pa tayipi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 maofesi ambiri a ku America ndi ku Ulaya ankachotsa makiyibodi olemera a kampani ya IBM, popeza kunali kutafika ena opepuka ndi otsika mtengo. Lero makiyibodi otayidwa aja ali ndi anthu amene amawasakasaka usana ndi usiku pa misika ya pa intaneti, ndipo amalimbana pa mitengo yake ngati akugula ng'ombe.

Mwina ena mwa inu, aŵerengi okondedwa, mufunsa kuti nkhani imeneyi ikutikhudza bwanji ife amene sitinagwirepo kiyibodi yotere, ndiponso sitikuganizako zoigula. Yankho lake nlakuti msika umenewu, ngakhale uli kutali ndi wachilendo, ukuonetsa poyera funso limene limabisala m'malonda onse: kodi nkoyenera kupindula ndi kusadziŵa kwa mnzathu? Kuti funsoli timve kulemera kwake, tiyeni tiyambe ndi fanizo.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa m'tauni ina ya ku America bambo ake amwalira, ndipo iye akuchotsa katundu m'nyumba ya malemuwo. M'kabati apeza kiyibodi yaifupi, yolemera, yodzaza fumbi. Aijambula, naika chithunzicho pa msika wa pa intaneti, nalemba kuti: "Kiyibodi yakale, madola 20, mtengo ngokambirana." Kutali ndi iye, munthu wina wodziŵa bwino za makiyibodi aona chithunzicho, mtima nkumugunda. Iye wazindikira kuti imeneyi ndi ya mtundu wosoŵa, umene anthu amagula pa madola mazana angapo. Mosachedwa alemba uthenga: "Mayi, chinthuchi nchakale kwambiri, mwinanso sichigwira ntchito. Ndikupatsani madola 15." Mayiyo avomera, nathokoza kuti wapeza womuchotsera chinyalala.

Apa palibe amene wathyola nyumba, palibe amene wakakamizidwa, ndipo onse aŵiri akagona ali okondwa. Komabe ambiri a ife tikamva nkhani yotere mtima sukhazikika. Kodi chikutivuta nchiyani?

Chimene akulimbiranacho

Poyamba tidziŵe chinthu chimene anthuŵa akulimbirana. Kiyibodi yotchuka kopambana pa msika umenewu ndi Model M, imene IBM inayamba kupanga mu 1985. Kunsi kwa batani lililonse kuli kasipulingi kamene kamapindika mwadzidzidzi munthu akadina, nkugwetsa kanyundo kakang'ono. Nchifukwa chake kiyibodiyi imalira momveka, ndipo chala chimamva pomwepo kuti chilembo chaloŵa. Luso limeneli analitulukira ndi Richard Hunter Harris wa ku IBM m'zaka za m'ma 1970. M'kati mwa kiyibodiyi muli chitsulo chachikulu, kotero kuti yonse imalemera makilogalamu 2 kapena kupitirirapo pang'ono. Zilembo za pa mabatani sizinangopakidwa pamwamba ayi, utoto wake unaloŵetsedwa m'kati mwa pulasitiki, ndipo ngakhale patapita zaka zambiri sizifufutika.

Makiyibodi ameneŵa ankapangidwa ku Lexington m'chigawo cha Kentucky, ena ku Greenock ku Scotland, enanso ku Guadalajara ku Mexico. Mu 1991 IBM inagulitsa nthambi yake yopanga matayipi, makina osindikizira ndi makiyibodi, ndipo nthambiyo inasanduka kampani ya Lexmark. Mu 1996 Lexmark nayo inasiya kupanga Model M, ndipo kampani yaing'ono ya Unicomp, ya ku Lexington komweko, ndiyo inatenga ntchitoyo.

Kunsi kwa kiyibodi yotere kumakhala kapepala kosonyeza nambala ya mtundu wake ndi tsiku limene inapangidwa. Kapepala kameneka ndiko kamalamula mtengo. Ya mabatani 101, ya nambala 1391401, inapangidwa yambirimbiri, motero siivuta kupeza. Koma yaifupi ya mabatani 84, yopanda gawo la manambala la kudzanja lamanja, imene inatuluka mu 1987 ndi dzina lakuti Space Saving Keyboard, njosoŵa, ndipo mtengo wake umaposa wa inzake kutalitali. Palinso Model F, mkulu wake wa Model M, imene inatuluka mu 1981 pamodzi ndi kompyuta yoyamba ya IBM PC. Ena amasaka mtundu, ena amasaka fakitale, enanso amangofuna kiyibodi imene inapangidwa tsiku limene iwo anabadwa.

Kwa munthu wosadziŵa, zonsezi ndi zipangizo zakutha, zofanana ngati nyemba za m'thumba limodzi. Kwa wodziŵa, ina ndi ya madola ochepa, ina ndi ya mazana. Choncho pa msika umenewu chuma chenicheni si ndalama, koma nzeru. Amene akudziŵa ndiye ali ndi mphamvu, ndipo funso lathu nlakuti mphamvu imeneyi aigwiritse ntchito bwanji.

Msika wopanda nkhope

Ambiri a ife mau akuti okushoni tinawadziŵira ku fodya, kumene ogula amayenda m'mizere ya mabelo, wina akutchula mitengo mofulumira. Okushoni ya pa intaneti imafanana ndi imeneyo pa chinthu chimodzi, chakuti wotchula mtengo waukulu ndiye amatenga katundu. Msika wotchuka wa mtundu umenewu ndi eBay, umene Pierre Omidyar anauyambitsa ku California mu 1995. Wogulitsa amaika chinthu chake kwa masiku oŵerengeka, kaŵirikaŵiri masiku 7, ndipo nthaŵi ikakwana malonda amatsekeka okha. Wogula amalemba mtengo wotsiriza umene angathe kulipira, makina nkumamukwezera pang'onopang'ono mpaka pa malire amene iye waika.

Palinso njira yachiŵiri, imene inayamba mu 2005, yotchedwa Best Offer. Wogulitsa amaika mtengo wake, koma amalola kuti wogula atchule wake. Wogulitsayo angathe kuvomera, kukana, kapena kubweza ndi mtengo wina wapakati. Uku ndiye kunenerera kwenikweni kumene tonse timakudziŵa, kungoti kukuchitika popanda kuonana. Wogula saona makwinya a wogulitsa, samva mau ake, sadziŵa ngati akugulitsa chifukwa cha kukhuta kapena chifukwa cha ngongole ya kuchipatala. Amangoona dzina lopeka ndi chithunzi cha katundu.

Akuluakulu anati malonda ndi m'maso. Ankanena za kuona katundu usanagule, koma mauŵa ali ndi nzeru inanso. Pamene tikuona maso a munthu, pali mabodza ena amene lilime limakana kunena. Pamene maso palibe, manyazi nawo amachoka, ndipo chimene chimatsala kutiletsa ndi chikumbumtima chokha.

Kunenerera pakokha si kulakwa

Tisafulumire kuŵeruza kuti kunenerera konse nkoipa. Kiyibodi ya zaka 35 ilibe mtengo wolembedwa m'buku lililonse. Mtengo wake umapezeka pamene anthu aŵiri akambirana, wina akunena chimene chinthucho chili kwa iye, wina chimene angathe kupereka. Wogula ali ndi zifukwa zoona zopemphera kuti mtengo utsike. Chitsulo cha m'kati mwa Model M chinamangidwa ndi timisomali ta pulasitiki, ndipo pakapita zaka timisomalito timathyoka, mabatani ena nkusiya kugwira bwino. Kukonza kwake kumafuna kuboola ndi kumanga timabauti tambiri, ntchito ya maola angapo. Mwina chingwe palibe, mwina mabatani ena anatayika, mwina pafunika kachipangizo kolumikizira ku kompyuta zamakono. Kutumizanso chinthu cholemera chotere kumadya ndalama. Wogula akatchula zonsezi moona, sakunyenga munthu. Akuthandiza kuti mtengo ufanane ndi chinthu.

Ngakhale machenjera ena amene amapweteka mtima si onse amene ali chinyengo. Pali ogula amene amakhala chete sabata yonse, nkuika mtengo wawo kutatsala masekondi ochepa kuti okushoni itseke, kuti anzawo asoŵe mpata wobweza. Wolandidwa amakwiya ndithu, koma tikaganiza bwino, palibe bodza lanenedwa. Aliyense anali ndi masiku okwanira olembera mtengo wake wotsiriza, ndipo amene walephera walephera chifukwa wina anatchula woposa wake. Nzosiyana ndi wogulitsa amene amatuma mbale wake kuti azikweza mtengo mwachinyengo, alibe cholinga chogula. Uyu akunamiza anthu kuti pali mpikisano pamene palibe, ndipo malamulo a msikawo amaletsa zimenezi.

Tsono malire sali pakati pa wonenerera ndi wosanenerera, kapena pakati pa wochenjera ndi wofatsa. Malire ali pa choona. Ndipo pali njira zitatu zimene choona chimaphedwera pa malonda.

Bodza la wogula ndi chete wa wogulitsa

Njira yoyamba ndi bodza la wogula. Buku la Miyambo, pa mutu 20, likufotokoza za wogula amene amanyoza katundu pamaso pa mwini wake, koma akangochoka nkuyamba kudzitama. Zaka zikwi zapita, koma munthu ameneyu sanafe. Ndi yemwe uja wa m'fanizo lathu, amene analemba kuti kiyibodi mwina sigwira ntchito, pamene mumtima akudziŵa kuti makiyibodi otere safa wamba. Mau ake aliwonse pawokha angathe kutetezedwa: chinthucho nchakaledi, ndipo "mwina" ndi mau otakata. Koma cholinga cha mauwo chinali choti mayiyo akhulupirire chinthu chimene wolembayo sankachikhulupirira. Limeneli ndi bodza, ngakhale livale jekete.

Njira yachiŵiri ndi chete wa wogulitsa. Munthu agwedeza kiyibodi yake namva timisomali tothyoka tikulira m'kati ngati nsenjere m'chitini, koma pojambula angoonetsa mbali yoŵala, nalemba kuti "yosayesedwa," ngati kuti sakudziŵa kanthu. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, analingalira za nkhani imeneyi. Iye anaphunzitsa kuti chilema choonekeratu, monga kavalo wa diso limodzi, wogulitsa sakakamizidwa kuchilengeza malinga atatsitsa mtengo moyenera, pakuti wogula ali ndi maso. Koma chilema chobisika chimene chingadzetse kutaya kwa wogula chiyenera kuululidwa. Pa intaneti pafupifupi chilema chilichonse nchobisika, chifukwa wogula amaona chokhacho chimene wojambula wasankha kumuonetsa. Motero udindo wa wogulitsa umakula, suchepa.

Nzochititsa chidwi kuti mbiri ya eBay yeniyeniyo imayamba ndi nkhani ya chilema. Chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulitsidwa pamenepo mu 1995 chinali katochi kolozera kothyoka, ka Omidyar mwini wake, kamene kanagulidwa pa madola 14.83. Zimasimbidwa kuti Omidyar, podabwa, analembera wogulayo kumufunsa ngati wamvetsa kuti chinthucho nchothyoka. Funso laling'ono limeneli ndilo maziko a msika uliwonse wa anthu osaonana: kodi mwamvetsa chimene mukugula?

Wogulitsa angathenso kulakwa mwa njira ina. Akaona kuti munthu akufunitsitsa kiyibodi yofanana ndi imene bambo ake ankalembera, angathe kukweza mtengo kaŵiri chifukwa cha misozi ya wogulayo. Aquinas anati ngati wogulitsa sakutaya kanthu kapadera, sayenera kukweza mtengo chifukwa cha kusoŵa kwa wogula, pakuti kusoŵako nkwa wogula, ndipo munthu sagulitsa chimene sichili chake.

Funso lovuta koposa

Njira yachitatu ndiyo yovuta. Tiyerekeze kuti wogula uja sananame konse. Sananyoze katundu, sanapemphe kutsitsa. Wangolipira madola 20 amene mayiyo anatchula, nakhala chete. Kodi walakwa?

Pali zifukwa zamphamvu zomuteteza, ndipo tiyenera kuzimva mwachilungamo. Choyamba, nzeru zake sanazitole pansi. Wataya zaka kuphunzira manambala, mafakitale ndi zizindikiro, wagulapo zinthu zakufa nataya ndalama. Kodi thukuta limeneli lisakhale ndi malipiro? Chachiŵiri, mayiyo akanatha kufufuza. Pa msika womwewo munthu angathe kuona mitengo imene zinthu zofanana zinagulidwira, ndipo kuchita zimenezi sikutenga ola. Safunsa anadya phula, angatero wina. Chachitatu, kiyibodi yakale si chimanga. Palibe amene afe ndi njala chifukwa cha iyo, ndipo ikanapanda kugulidwa mwina ikanathera kudzala. Chachinayi, mayiyo anatchula yekha mtengo, navomera mwaufulu.

Mkangano umenewu si wa lero. Mu chaka cha 44 Khristu asanabadwe, Cicero wa ku Roma analemba za wamalonda amene anafika ndi tirigu kuchokera ku Alexandria pa chilumba cha Rhodes kuli njala, akudziŵa kuti zombo zina zodzaza tirigu zili m'njira. Kodi awauze anthuwo, mtengo ugwe, kapena akhale chete agulitse modula? Cicero anaima kumbali ya kuulula. Aquinas, patapita zaka zoposa 1,000, anati wamalondayo salakwira chilungamo akagulitsa pa mtengo umene waupeza, ngakhale kuti akaulula kapena kutsitsa aonetsa ukoma woposa. Tsono wina anganene kuti: ngati wa tirigu aloledwa kukhala chete, bwanji wa kiyibodi?

Koma nkhani ziŵirizi sizofanana. Wa tirigu akubisa chimene akuyembekeza kuti chichitika maŵa, ndipo za maŵa sizidziŵika: zombo zingathe kumira kapena kuchedwa. Tirigu amene akugulitsa ndi tirigudi, ndipo onse akudziŵa chimene chili m'thumba. Wa kiyibodi akubisa chimene chinthucho chili lero lomwe. Pa mfundo imeneyi Aquinas sanazengereze. Anati chimene chimamanga wogulitsa chimamanganso wogula, napereka chitsanzo cha munthu wogulitsa golide poyesa kuti ndi mkuwa. Wogula akadziŵa, nagula pa mtengo wa mkuwa, wagula mopanda chilungamo ndipo ayenera kubweza.

Apa ndi pamene chifukwa chachinayi chija chimagwera. Inde mayiyo anavomera, koma anavomera chiyani? Iye anagulitsa chinyalala cha m'kabati. Wogula anagula kiyibodi yosoŵa ya 1987. Aŵiriŵa sanagwirizane pa chinthu chimodzi, ndipo mmodzi mwa iwo ankadziŵa zimenezo. "Inde" wonenedwa mumdima umene mnzako akanatha kuuchotsa ndi mau aŵiri si "inde" wathunthu.

Za malipiro a nzeru, tivomereze kuti ayenera kukhalapo. Koma tione momwe timalipirira nzeru m'moyo wathu wonse. Dokotala, makaniko ndi mmisiri amadziŵa zimene ife sitidziŵa, ndipo timawalipira mokondwa, chifukwa nzeru zawo zikugwira ntchito yotithandiza. Makaniko amene angatiuze kuti galimoto yathu yatheratu, naigula pa mtengo wa zitsulo, maŵa nkuiyendetsa atangosintha waya mmodzi, sitimutcha wanzeru. Timamutcha dzina lina. Wodziŵa za makiyibodi ali ndi ufulu wogula motsikirapo, popeza adzatsuka, adzakonza, adzadikira wogula, ndipo angathe kutaya. Ngati chinthu chimagulidwa pa madola 300, iye nkupereka 200 mwini wake akudziŵa, phindu limenelo nlake moyenera. Koma phindu limene lingakhalepo pokhapokha mnzake atakhala mumdima silichokera ku nzeru zake ayi, likuchokera ku umbuli wa mnzakeyo.

Nzoona kuti mayiyo akanatha kufufuza. Koma munthu amafufuza chimene akukayikira kuti chili ndi mtengo. Amene ali pa chisoni, akulongedza moyo wonse wa bambo ake m'makatoni, sangaime pa chinthu chilichonse. Ndipo ulesi wa mnzathu, ngakhale utakhalapo, sutipatsa chilolezo. Khomo losatseka silisandutsa katundu wa m'nyumba kukhala wathu.

Ogula ena amadziŵa bwino lomwe kuti mdima ndiwo ukuwapindulira, ndipo zochita zawo zimaonetsa. Amasakasaka malonda amene dzina la katundu linalembedwa molakwika, kuti ogula ena asawaone. Akapeza chinthu chabwino pa okushoni, amalembera mwini wake mwamseri kumupempha kuti atseke msanga, awagulitse iwo pa mtengo wakutiwakuti. Chifukwa chake nchachidziŵikire. Okushoni ikafika kumapeto, odziŵa ena adzabwera, ndipo kulimbirana kwawo kudzauza wogulitsa chimene iye sankadziŵa. Wopempha kutseka msanga akuthamangira kuzimitsa nyali isanaunike.

Munthu amene Augustine ankamudziŵa

Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430, anasimba za woseŵera wina wa zisudzo amene analonjeza khamu kuti tsiku lotsatira adzaulula chimene aliyense amafuna mumtima mwake. Anthu anasonkhana ambiri, ndipo iye anawauza kuti onse amafuna kugula motchipa ndi kugulitsa modula. Khamu lonse linavomereza, aliyense atadzipeza m'mau amenewo. Koma Augustine anati woseŵerayo sananene zoona za anthu onse. Iye mwini ankadziŵa munthu amene anabweretseredwa buku lolembedwa pamanja, wogulitsa wake osadziŵa mtengo wake, natchula ndalama zochepa. Munthuyo anapereka mtengo woyenera, woposa kwambiri umene wogulitsayo ankayembekeza.

Nkhani imeneyi ikutiphunzitsa ziŵiri. Yoyamba njakuti chilakolako chogula motchipa nchofala kotero kuti timachiyesa chibadwa chosasinthika. Yachiŵiri njakuti nchotheka kuchigonjetsa, pakuti munthu wina, amene ngakhale dzina lake silinasungidwe, anachigonjetsa. Buku lakale lija ndi kiyibodi yathu nzofanana: zonse ndi zinthu zimene mtengo wake umadziŵika kwa ochepa.

Nanga wogula wa m'fanizo lathu akanachita chiyani? Sitikunena kuti akanapereka mtengo wapamwamba kuposa wina aliyense. Akanangolemba kuti: "Mayi, kiyibodi yanuyi ndi ya mtundu wosoŵa. Onani nambala imene ili kunsi kwake, mufufuze mitengo imene zinzake zagulidwira. Ine ndingathe kupereka madola 200. Mukafuna oposa pamenepo, ikani pa okushoni." Tisabise kuti mau otere ali ndi mtengo wake. Mayiyo angathe kuthokoza, nkugulitsa kwa wina wopereka zambiri, wonena zoonayo nkutsala chimanjamanja. Chilungamo sichilonjeza kuti tidzapindula nthaŵi zonse. Chikanakhala chaulere, bwenzi aliyense ali nacho.

Koma tiyese kuona chimene wonyenga uja wapeza. Kiyibodi ili pa tebulo lake, ndipo nthaŵi zonse anzake akaiyamikira, iye amafotokoza mtengo umene anagulira. Tikamvetsera bwino, tipeza kuti chimene chikumukondweretsa si kulira kwa mabatani, koma kupambana kwake. Wayamba kukonda kugonjetsa anthu kuposa chinthu chimene ankati amakonda. Ndipo mtima umene wazoloŵera kuona mnzake ngati mwayi sungasiye khalidwe limenelo pa kompyuta. Umapita nalo ku ntchito, kwa anansi, ngakhale pogaŵana chuma cha masiye.

Muyeso umodzi

Pali muyeso wosavuta umene tingayesere malonda aliwonse. Malonda atatha, kodi tingathe kumuuza mnzathuyo zonse zimene tinkadziŵa pamene tinkakambirana, iye nkutigwirabe chanza? Wogula amene anatsitsa mtengo chifukwa cha timisomali tothyoka angathe kutero. Wogula wa masekondi otsiriza angathe kutero. Ngakhale wogula pa 200 chinthu cha 300 angathe kutero, pakuti ananeneratu. Koma wa madola 15 uja sangathe. Chimwemwe chake chimadalira kuti mayiyo asadzadziŵe mpaka kalekale. Phindu limene limaopa kuŵala lili ndi kanthu kamene likubisa.

Muyeso umenewu sugwira pa makiyibodi pokha. Ambiri a ife tsiku lina tidzaima pamene panaima wogula uja. Mayi wamasiye wa pafupi nafe adzatulutsa makina osokera, njinga yamoto kapena zipangizo za ukalipentala za malemu amuna ake, natifunsa kuti, "Achimwene, zimenezi zingagulidwe pa ndalama zingati?" Mlimi wa kutali ndi mseu adzatchula mtengo wa chaka chatha, osadziŵa kuti m'tauni zinthu zinakwera. Mnyamata wofuna fizi adzaika foni yake pa gulu la WhatsApp pa theka la mtengo wake. Tsiku linanso ndife amene tidzakhale osadziŵa, tikugulitsa mofulumira chifukwa cha matenda kapena maliro. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Tikumbukirenso kuti ana athu amatiperekeza ku msika. Amamva pamene tikunyoza tomato amene tikumufuna, amaona pamene tikunamizira kuchoka, ndipo amamva kuseka kwathu tikafika kunyumba. Kumeneko ndiko amaphunzira ngati munthu wa kuseri kwa benchi ndi mnzawo kapena ndi nyama yosakidwa. Tinenerere ndithu, pakuti ndalama nzovuta kupeza ndipo kusamala si tchimo. Koma ponenerera tizinena zoona za katundu, tiziulula chilema chimene mnzathu sangachione, ndipo pamene tazindikira kuti wogulitsa sadziŵa chimene ali nacho, timuuze, kenaka tikambirane mtengo monga anthu aŵiri amene onse akuona.